Beseni la Soda

Ine ndine telala, ndipo munthu ndimamudziwira ku zovala zake. Mundibweretsere buluku la amuna anu, ndikuuzani ngati amakhalitsa pampando, ngati amakwera njinga, ngakhalenso ngati amabisa ndudu m'thumba lakumbuyo. Koma pa mabuluku onse amene adutsa pansi pa singano yanga, palibe amene anandisautsa ngati a achimwene anga. Awo sankang'ambika ayi, ankangodyeka. Lero kabowo konga diso la nkhuku pabondo, mawa tiwiri pantchafu, ukachapa kamodzi basi lasanduka sefa. Anthu a mumsewu wathu anawapatsa dzina loti a Mabowo. Iwo analilandira ndi manja awiri, moti ndi kutchalitchi komwe ankaliyankha.

Ntchito yawo inali ya mabatire a galimoto. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kashedi ka malata. Mkatimo munali benchi yakuda bii, mbaula ya makala, chiwaya chakale, sowo yodulira zitsulo, ndi mabatire akufa osanjikizana mpaka kudenga. Batire likafa ankalidula pamwamba n'kusolola timapuleti ta mtovu ta mkati mwake. Tabwino ankatibwezeramo, towola ankatiponya m'chiwaya pamoto. Mtovu suchedwa kusungunuka, makala wamba amaukwanira. Ukasungunuka ankautunga ndi chipande chachitsulo n'kuuthira m'zikombole, kuumba mitu yatsopano ya mabatire. Kenako ankathiramo asidi n'kutchaja, ndipo dalaivala amene anabwera mochita kukankhidwa ankachoka akuliza hutala.

Sukulu anailekezera panjira chaka chimene bambo athu anamwalira, kuti ine wamng'ono ndipitirize. Zinthu zimagawidwa modabwitsa: wokonda sukulu anatuluka, wowodzera m'kalasi n'kutsala. Koma mutu wawo sunatuluke nawo m'kalasimo. Tsiku lina atapita kukakonza batire pa sukulu ina ya sekondale, anapeza akutaya tchati chakale cha m'chipinda cha sayansi, chong'ambika m'makona, chodzaza timabokosi tamitundumitundu. Anachipempha. Mphunzitsi wa sayansiyo ataona chidwi chawo anawaonjezera mabuku awiri othothoka zikuto. Tchaticho anachikhoma m'shedi, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wolowamo ankaphunzira sayansi, afune asafune.

"Chemwali, tabwerani muone," anandiitana tsiku loyambalo. "Dziko lonseli, inu, ine, makina anu osokera ndi galu ali apoyo, tonse tili papepala ili. Awa amati maelementi. Chinthu chilichonse ukamachiphwanya n'kumachiphwanyabe, umafika pa amenewa, ndipo pamenepo m'pothera. Madzi ndi awiri awa, hayidirojeni ndi okosijeni. Makala ndi kaboni. Magazi anu amafiira chifukwa muli chitsulo, mafupa amalimba chifukwa muli kashiamu. Mchere ndi sodiyamu ndi kolorini. Aliyense payekha akhoza kukuphani, koma akakwatirana timathira m'chakudya."

"Ndiye kuti alipo ena amene banja limawathandiza," ndinatero. Nthawi imeneyo n'kuti langa litangotha.

Anaseka, koma sanasiye. "Ndipo elementi simungaiphe, chemwali. Muiwotche, muisungunule, muikwirire pansi, imangosintha malaya. Mwini wake amakhala yemwe uja." Kenako anaika chala pa kabokosi ka m'munsi kolembedwa Pb, nambala 82. "Uyu ndiye bwana wanga, mtovu. Amatidyetsa ndi ameneyu." Kabokosi kameneko kanadzada ndi chala chawo kuposa tonse.

Chinthu chimodzi chokha chimene achimwene ankachiopa chinali asidi. Adakali mnyamata wophunzira ntchito anaona mnzawo asidi atamufalikira m'diso, diso n'kuthera pomwepo. Sanaiwale. M'shedi mwawo munali malamulo kuposa kupolisi. Ndudu ayi, chifukwa batire likamatchajidwa limatulutsa hayidirojeni, ndipo ameneyo akakumana ndi moto denga limapita. Botolo la asidi linkakhala m'bokosi lokhoma, kiyi m'khosi mwawo. Ndiye panali soda, soda wophikira yemweyu, amene ankagula m'matumba ngati ali ndi bekale. Asidi akadontha pansi ankawazapo soda, pamalopo n'kuchita thovu, tsiii, ngati pakuwira. Thovu likatha ankawazanso. Pakakhala zii, ankati asidi wafa.

"Asidi ndi wolusa koma sabisala," ankatero. "Soda akamupeza amalira yekha. Akasiya kulira wasanduka madzi, kamchere ndi mpweya basi."

Zimenezo zinali zoona, ndipo ndikufuna zimveke. Achimwene sanali munthu wosasamala. Pa zaka zonse zija palibe mwana wa mumsewu wathu amene anapsa ndi asidi wawo, ngakhale nkhuku.

Ana anawavuta. Iwo ndi alamu anga anakhala zaka zambiri m'nyumba muli zii, anthu akuyankhula zimene anthu amayankhula. Imvi zitayamba kuonekera m'ndevu, m'pamene kunabwera kamtsikana. Kanabadwa kakulira, kanayamba kuyankhula kasanayambe kuyenda bwinobwino, ndipo katangoyamba sikanapumenso. Kankafunsa chifukwa chake mwezi umatitsatira, chifukwa chake azakhali ali ndi mapini pakamwa, chifukwa chake galu savala buluku. Ndine ndinakatcha Kaphokoso, ndipo dzina lake lenileni linatsalira pa khadi la kusikelo.

Achimwene anapenga naye mwana ameneyu. Koma chifukwa chomukonda, anakhazikitsa lamulo lina: sankamugwira asanasambe m'manja ndi madzi a soda. Panali kabeseni kobiriwira ka pulasitiki ka ntchito imeneyo yokha. Madzulo akamatseka shedi, alamu ankathiramo madzi ndi supuni ya soda. Kaphokoso atayamba kuyenda analanda ntchitoyo. Ankanyamula beseni ndi manja awiri, madzi akutayikira pa diresi, n'kukalitula pakhomo la shedi. Bambo ake ankaviikamo manja. Iye ankagwada, kutchera khutu pafupi ndi madzi, nkhope ili ngati ya dokotala. Nthawi zina kankamveka kathovu. Ankadikira mpaka kathe.

"Palibe thovu, ababa!" Akatero ankaimirira n'kukweza manja m'mwamba.

Iwo ankamunyamula n'kumadzandira dala. "Eee, mwana uyu! Walemera ngati mtovu!" Kaphokoso ankaseka mpaka kutsamwa. Tsiku lililonse mawu omwewo, tsiku lililonse kuseka komweko.

Pofika zaka zinayi anali atalanda shedi yonse. Bokosi la asidi ankalidziwa, sankaliyandikira. Koma kwina konse kunali kwake. Ankakhala pansi pa benchi n'kumajambula ndi chala pa fumbi. Bambo ake ankamuwazira mchere pa makala kuti aone lawi lachikasu, kenako ankaikapo waya wa mkuwa kuti aone lobiriwira. Ankamunyamula kumuonetsa tchati, iye n'kumatchula mayina ngati nyimbo: okosijeni, kaboni, sulufule, chitsulo, mkuwa, siliva, golide, mtovu. Madalaivala ankaiwala kuti akufulumira. Wina anati mwana uyu adzapanga ndege. Achimwene anati ndege n'zochepa. Mtovu ukatsala m'chipande ankamuumbira tinsomba ndi tinyenyezi, tonyezimira tikangotuluka m'chikombole. Kaphokoso ankayenda nato m'thumba la diresi, ndipo monga achitira ana, nthawi zambiri kamodzi kankakhala m'kamwa.

Fumbi lija ndinalifunsapo. Tsiku lina ndikukutumula buluku lawo ndisanaliike pamakina, munatuluka fumbi lotuwa, lolemera, losauluka msanga ngati fumbi la pamsewu. Ndinapita nalo kushedi.

"Achimwene, nanga ili? Mwana akusewera m'menemu."

Sanandinyoze. Anatapa fumbilo pabenchi ndi nsonga ya mpeni, analithira m'madzi a soda, tonse awiri n'kuweramira beseni. Linangomira. Panalibe ngakhale kathovu kamodzi.

"Mwaona? Zii. Ili ndi fumbi la mtovu chabe, chemwali. Chopanda thovu sichiluma."

Umu ndi mmene analakwira, ndipo ndi munthu wosamala yekha amene akanalakwa chotero. Wina wosadziwa kanthu bwenzi atangomuthamangitsa mwana m'shedimo chifukwa cha litsiro. Iwo anali ndi muyeso wawo umene sunawanamizepo, ndiye anaukhulupirira pa chilichonse. Mabuku awiri aja ankanena kulemera kwa mtovu ndi kutentha kumene umasungunukira. Za mwana wokhala pansi pa benchi sankanena.

Zinayamba ndi m'mimba. Kaphokoso ankadzipinda n'kumalira, chakudya osachifuna, kuchimbudzi osapita. Kuchipatala chaching'ono anati ndi njoka za m'mimba, anamupatsa mankhwala. Kenako anati magazi ndi ochepa, anamupatsa ena. Milomo inayera, mwana anayamba kukwiya ndi zinthu zopanda pake, kuluma anzake, kugona masana. Zonsezi tinkazipezera zifukwa. Koma tsiku lina ndili pomwepo, bambo ake anamunyamula kumuonetsa tchati kuti amusangalatse. Mwana anati okosijeni, kaboni, n'kuima. Anayang'ana timabokosi tija ngati akutiona koyamba.

"Pitiriza, mayi," anatero achimwene. "Sulu..."

Mwana anangotsamiritsa mutu paphewa lawo. M'nyumba muja munayamba kubwerera zii uja wakale, ndipo ine ndinachita mantha kuposa mmene ndinachitira ndi kulira kwa m'mimba.

Mmawa wina alamu akumusambitsa, mwana anauma thupi lonse, maso n'kutembenuka, kenako anayamba kugwedezeka. Dalaivala wina amene anabwera ndi batire anatinyamula tonse mpaka kuchipatala chachikulu. Anamugoneka, anamubaya, kugwedezeka kunaleka, kenako kunabweranso. Anamuyeza izi ndi izo osapeza kanthu. Dokotala amene ankamuona anali mayi wachitsikana, wochepa thupi, wotopa m'maso. Tsiku lina akutuluka mu wodi anaima n'kuyang'anitsitsa buluku la achimwene, lija la zigamba zanga pamwamba pa zigamba.

"Bambo, mumagwira ntchito yanji?"

"Ya mabatire, adokotala."

"Mumasungunula mtovu?"

"Eya."

"Kuti?"

"Kunyumba. Koma mwana sayandikira asidi, adokotala, zimenezo ndiye ndimaonetsetsa. Ndipo sindimugwira ndisanasambe ndi soda."

Dokotala anatenga magazi a mwana ndi a bambo ake, anati awatumiza kutali kumene kuli makina oyezera. Zotsatira zitabwera anatiitanira m'kachipinda kena, momwe munali mipando iwiri yokha. Ine ndi alamu tinakhala, achimwene anaimirira, chipewa chili m'manja.

Anatiuza mosazungulira. M'magazi a mwana munali mtovu wambiri zedi. Unkalowa pang'onopang'ono, ndi fumbi la m'manja mwake, ndi utsi wa chiwaya, ndi tinsomba tija. Anati thupi la mwana limaunyengedwa nawo, limauyesa kashiamu, ndiye limaulandira n'kukausunga m'mafupa, wina n'kufika ku ubongo umene ukungokula kumene.

Alamu anayamba kulira chapansipansi. Achimwene anatsokomola, n'kufunsa ngati mmene akanafunsira mnzawo wa ntchito.

"Chabwino, adokotala. Ndiye timupha ndi chiyani? Asidi timamupha ndi soda. Ameneyu mankhwala ake omuphera ndi ati?"

"Alipo mankhwala amene amaugwira m'magazi n'kuutulutsa ndi mkodzo. Tiyamba lero lomwe. Koma kuupha ayi, bambo. Mtovu suli ngati asidi. Mtovu ndi..."

"Elementi," anamaliza okha.

Ndinawayang'ana. Tonse m'chipindamo tinali tikumvetsera, koma amene anamva zonse nthawi imodzi anali iwo, chifukwa ndi iwo amene ankatiphunzitsa zimenezo. Uiwotche, uisungunule, uikwirire. Nkhope yawo inagwa ngati malaya ochoka pa hang'ala.

"Nanga mutu wake?" anafunsa alamu. "Ubwerera?"

Dokotala anati mwana akhala ndi moyo. Za mutu anati tidikire tione, koma zimene zawonongeka kumeneko nthawi zambiri sizibwerera zonse. Sanatinamize, ndipo ndimamulemekeza pa chimenecho, ngakhale tsiku limenelo ndinkafuna kumumenya.

Kaphokoso anatuluka m'chipatala ali moyo. Ankayenda, ankadya, ankatizindikira. Koma mawu anatsala ochepa, oti ungawasunge m'kabokosi ka mabatani. Amama. Madzi. Ayi. Atafika msinkhu wa sukulu anapita, anakhala kalasi imodzi mobwerezabwereza mpaka aphunzitsi anatiuza mwaulemu kuti tingomusunga kunyumba. Dzina lija tinalisiya osalisintha. Kulisintha kukanakhala kuvomera, ndipo kulitchula kunkapweteka.

Achimwene anatseka shedi asanauzidwe kawiri. Anthu a zaumoyo anabwera n'kuwalangiza zochita. Mabatire anatengedwa, malata anaphwasulidwa, dothi lapamwamba la pabwalo lonse analipala ndi fosholo n'kuliika m'matumba, pamalopo n'kuthira simenti. Ntchito yonseyo anaigwira okha, anakana aliyense kuwathandiza. Tinsomba tija anatifunafuna m'nyumba monse, pansi pa bedi, m'matumba a madiresi, mu ngalande. Tchati anandibweretsera chopindapinda, anati ndikulungire mapatani. Nditachitambasula ndinapeza pamene panali kabokosi ka bwana wawo pali bowo la makona anayi, lodulidwa bwinobwino ndi lezala. Moyo wanga wonse ndakhala ndikutseka mabowo a munthu ameneyu. Limeneli ndinalisiya.

Anapeza ntchito yolondera pageti la nyumba yosungiramo katundu, kutsegulira malole masana onse. Mabuluku awo anayamba kubwera kwa ine athunthu, ongofuna kubweza m'chiuno chifukwa ankaonda. Ndinkadana nawo mabuluku amenewo. Anthu anapitiriza kuwaitana a Mabowo, koma mwa chizolowezi chabe.

Alamu anakhala nthawi yaitali osawayankhula kupatula za mchere ndi sopo. Sindiwaweruza. Anadikira zaka zonse zija kuti apeze mwana ameneyu. Koma mkwiyo wa alamu unatha, monga umathera mkwiyo wa anthu okhala nyumba imodzi. Chimene sichinathe chinali china. Kuchokera tsiku la m'kachipinda lija, achimwene sanamugwirenso mwana wawo.

Sikuti anasiya kumukonda. Ankamugulira malalanje n'kuwaika patebulo. Ankamusokeretsa madiresi kwa ine, nsalu akusankha okha. Akadwala ankakhala pakhomo la chipinda mpaka achire. Koma mwana akawayandikira, manja awo ankathawira kumbuyo kapena m'matumba. Ndipo Kaphokoso, amene anaiwala okosijeni ndi sulufule, amene anaiwala ndi nyimbo zomwe, beseni sanaliiwale. Madzulo alionse akamva geti ankathamangira kabeseni kobiriwira, kuthiramo madzi, n'kukaima nako pakhomo. Bambo ake ankadutsa cham'mbali. "Mawa, mayi. Lero ndatopa." Iye ankaima pomwepo mpaka amayi ake adzamulande.

Pomaliza achimwene anatenga beseni lija n'kuliika pamwamba pa kabati, pamene mwana sakanafikira. Kaphokoso anayamba kubwera ndi mbale, ndi chivindikiro cha poto, tsiku lina ndi chipewa cha bambo ake chomwe, madzi akudontha. Patapita nthawi anasiya. Ankangoima pakhomo n'kumawayang'ana akudutsa.

Ine ndiye ndinalephera kupirira. Ndinawatsatira kugeti kwawo kuja dzuwa likuswa mtengo, ndinawapeza atakhala pa kampando m'kanyumba ka alonda.

"Achimwene, dokotala anati chiyani? Sanati mtovu sutuluka pakhungu? Sanati mukhoza kumunyamula?"

"Anatero."

"Nanga tsono? Inu ndinu a sayansi. Mwana uja watsala ndi zinthu zingati? Mukufuna mumulandenso ndi bambo ake?"

Anatulutsa manja m'matumba n'kuwayang'ana. "Chemwali, ine ndinkasamba tsiku lililonse. Ndinkamva ndi makutu anga kuti palibe thovu. Ndikatero ndinkamunyamula ndi manja omwewa, ndi malaya odzaza fumbi, mtima uli m'malo. Tsopano mukuti ndidziwa bwanji kuti ndayera? Ndiyeza ndi chiyani?"

Ndine wa pakamwa, aliyense amadziwa. Koma tsiku limenelo ndinangobwerera kumakina anga. Ndinawakwiyira, ndinawamvera chisoni, ndipo zonse ziwiri ndinakhala nazo zaka zambiri.

Mtovu unali ndi iwonso, unangowalezera mtima. Unakhala m'mafupa awo zaka zonse za m'shedi zija. Poyamba kunali kuthamanga kwa magazi, kenako mfundo za zala zinayamba kuwawa. Kenako manja anayamba kufooka, mpaka anangoti lende pa mfundo, osatha kudzuka, ngati magolovesi oyanikidwa pachingwe. Makiyi a geti ankawapulumuka, ntchito n'kutha. Pamapeto pake impso zinatopa. Miyendo inatupa, ndipo ine amene ndinkabweza mabuluku awo ndinayamba kuwaphwasula m'mbali kuti alowe. Kuchipatala anachita zimene akanatha, kenako anati ndi bwino akapumire kunyumba. Tonse tinamva tanthauzo lake.

Nthawi imeneyi Kaphokoso anali namwali wamtali kuposa amayi ake, wodekha, wa maso aakulu. Ankatha kusesa, kutsuka mbale ndi kundisankhira mabatani malinga ndi mtundu. Ankatha tsiku lonse osatulutsa mawu.

Linali Loweruka masana. Alamu anali atapita kukagula mankhwala, ine ndinakhala pambali pa bedi ndikusoka ndi manja mpendero wa malaya awo ogonera. Achimwene anali atatsamira mapilo, manja ali pa bulangeti, akupuma movutikira. Ndinamva kabati ikugwedezeka pabalaza, kenako mpopi, kenako kabati ya kukhitchini, ndi kulira kwa supuni m'botolo. Sindinaganize kanthu. Chitseko chinatseguka ndi phazi, Kaphokoso analowa atanyamula kabeseni kobiriwira ndi manja awiri. Kanali katasuluka mtundu, fumbi la pamwamba pa kabati lidakali m'mphepete. Tonse tinaiwala kuti mwana anatalika.

Anakaika pabedi mosamala. Anatenga dzanja lamanja la bambo ake n'kuliviika m'madzi.

"Chemwali," anatero achimwene. "Muchotseni."

Ndinabaya singano pansalu. "Sindimuchotsa."

"Chonde, chemwali."

"Ndati sindimuchotsa, achimwene. Mukafuna muchotseni nokha."

Anayesa. Ndinaona phewa likukoka, chigongono chikusuntha pang'ono, koma dzanja linatsala m'madzi momwemo. Kaphokoso anatenga linalo n'kuliviikanso. Anasambitsa chala chimodzichimodzi, zipsera zakale za asidi, zikhadabo. Kenako anagwada pansi, anatchera khutu pafupi ndi madzi, nkhope ili ngati ya dokotala. M'chipindamo munali zii. Anamvetsera nthawi yaitali.

"Palibe thovu, ababa."

Mawu atatu pamodzi. Sindikumbuka kuti ndinali nditawamva liti kuchokera pakamwa pake. Anaimirira n'kukweza manja m'mwamba, namwali wamkulu, mutu pafupifupi kugunda babu. Anadikira. Bambo ake ankangomuyang'ana, misozi ikulowa m'makutu. Ataona kuti sakunyamulidwa, anatsitsa manja, anaganiza pang'ono, anachotsa beseni n'kuliika pansi. Kenako anakhala pabedi, anagoneka mutu pachifuwa chawo, anatenga manja onyowa aja limodzilimodzi n'kudziika pamsana pake.

Ndinaona zala zikuyesa kuthawa, kenako zinaleka. Patapita kanthawi, chala chimodzi chinayamba kuyenda pang'onopang'ono pa nsalu ya diresi, pa msoko umene ndinasoka ine.

"Eee, mwana uyu," anatero achimwene. Mpweya unkawathera. "Walemera..."

Anaima pomwepo. Mawu otsalawo sakanatha kuwatulutsa, ndipo ine ndinapemphera kuti asawatulutse.

Kaphokoso anadzutsa mutu, maso akuwala.

"Ngati mtovu!" anatero, n'kuseka mpaka kutsamwa.

Pa mayina onse a patchati paja, limene linatsala m'mutu mwake linali limenelo. Achimwene anatseka maso, koma manja sanawachotse. Alamu anatipeza chomwecho, madzi a soda atanyowetsa bulangeti, ndipo anangoima pakhomo ndi kapepala ka mankhwala m'manja.

Masiku otsalawo, amene sanali ambiri, beseni linkabwera madzulo alionse ndipo palibe amene analiletsa. Tinawaika m'manda atavala buluku latsopano limene ndinasoka ndekha, lopanda bowo ngakhale limodzi. Kaphokoso amakhala ndi amayi ake, masana amabwera kushopu kwanga kudzasankha mabatani. Dzuwa likapendeka amasiya mabatani, amapita kwawo, amathira madzi ndi supuni ya soda m'kabeseni kobiriwira, n'kukaima nako pakhomo kuyang'ana kugeti.